Ndinakaona kachisi wa ku Nauvoo ndi maso a mmisiri, ngakhale mkati sindinalowe

Ndiyambe ndi pomwe ndinachita manyazi, kuti wina asadzachitenso manyazi omwewo. M'kachisi wa ku Nauvoo, ku America, wa mpingo umene ambiri amaudziwa ndi dzina loti Mormon, si aliyense amene amalowamo. Ine ndinavala jekete, nsapato ndinapolisha usiku wake, ndipo tili m'galimoto mwana wanga wamkazi anandikumbutsa kuti, "Ababa, paja ndinakuuzani kuti mkati simukalowa." Ndinamuyankha kuti nyumba ya Mulungu sabwezapo munthu pakhomo. Titafika ndinakwera masitepe ndekha, ndipo bambo wina wachikulire anandilandira mwaulemu kwambiri, n'kundifotokozera modekha kuti olowa ndi a mpingo wawo okha, komanso iwowo amayenera kukhala ndi kakhadi kosainidwa ndi bishopu wawo ndi mtsogoleri wina wa dera. Ndinatsika masitepe aja mdzukulu wanga akuseka chobisa pakamwa. Wolakwa ndinali ine, poti anandiuza koma ndinaumitsa khosi.

Choncho zimene ndikulemba pano ndi za ulendo umene amayendetsa alendo kuzungulira kachisiyo ndi nyumba zakale za pafupi naye. Si ine wa mpingo umenewu. Ndagwira ntchito ya zomangamanga zaka 31, kuyambira kuponda matope ndi kuperekera njerwa mpaka kukhala kapitawo, ndiye ndikafika pa nyumba, maso anga amathamangira pa maziko, pa mizere ya miyala ndi polumikizira, zina zonse pambuyo.

Tinapita mu Juni 2024, kuchokera ku Iowa kumene ndinakacheza kwa ana. Tinawoloka mtsinje wa Mississippi pa mlatho wa ku Fort Madison, uja wosanja, sitima pansi magalimoto pamwamba, umene chigawo chake chapakati chimatembenuka kuti zombo zidutse. Tinaupeza uli wotsegula, tinadikira kwa kanthawi ndithu. Mkamwini wanga ankadandaula, ine ndinali pa windo kuonerera chitsulo chonsecho chikuzungulira ngati chitseko. Kutsidya ndi Illinois, ndipo posakhalitsa nsanja yoyera imayamba kuonekera pamwamba pa mitengo.

Nauvoo ndi katauni kakang'ono, anthu ake pa kalembera wa 2020 sankafika ndi 1,000 komwe. Koma m'zaka za m'ma 1840 munali anthu pafupifupi 12,000, moti inkapikisana ndi Chicago ya nthawi imeneyo. Malowa poyamba ankatchedwa Commerce, ndipo linali dambo la udzudzu. Otsatira a Joseph Smith, amene anayambitsa mpingowu, anafikapo mu 1839 atathamangitsidwa ku Missouri, malungo n'kuwagwetsa ambiri, iwo n'kukumba ngalande zoumitsa dambolo. Smith ndi amene anapatsa malowa dzina loti Nauvoo, kuchokera ku mawu a Chiheberi otanthauza kukongola. Tauni yakaleyo ili kunsi, m'chigwa chimene mtsinje umakhota mochizungulira, pamene kachisi ali pamwamba pa chitunda.

Zonse zimayambira pa nyumba yolandirira alendo, ndipo sitinalipire ngakhale senti imodzi, kuyambira mapu, otiyendetsa, mpaka ngolo ya mahatchi. Oyendetsa alendo ndi amishonale ongodzipereka, ena ndi mabanja achikulire opuma pa ntchito, ena ndi atsikana ovala madiresi aatali a makedzana. Chinthu chimodzi chimene mungachite bwino kudziwiratu n'chakuti dzina loti Mormon salikonda kwenikweni masiku ano. Mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawi imeneyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti azitchulidwa dzina lonse, Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza. Ine lilime linkaterereka kangapo, palibe anandidzudzula, koma ndinkaona kuti poyankha iwo akubwezera dzina lalitalilo.

Ngati muli ndi ola limodzi lokha, yambani mwaona mwala wa dzuwa wakale musanakwere kumtunda. Ife tinaupeza m'nyumba yolandirira alendoyo, ndipo ndi umodzi mwa yochepa kwambiri imene inatsala yathunthu pa 30 imene inali pamwamba pa nsanamira za kachisi woyamba, poti amene alipo lero ndi womangidwanso, woyambayo anawonongeka kalekale. Unzake uli ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington, anaugula mu 1989 pa mtengo wa madola 100,000. Ndi chimwala cha laimu cholemera matani awiri ndi theka. Pakati pali nkhope ya dzuwa yonenepa masaya, ikutuluka m'mitambo, cheza chake chitayala mbali zonse, ndipo pamwamba pake pali manja awiri atagwira malipenga. Ndinaima pamenepo mpaka ana anatopa nane. Mphepete mwake munadyeka, mphuno inasalala ndi mvula ya zaka zambiri, koma mukayang'ana chapambali, kuwala kukamenya bwino, timizere ta chosemera tikuonekabe. Ena ndi akuya, ena ndi osaya, pena mmisiri anapendeketsa dzanja. Munthu amene anagwirapo nyundo tsiku lonse amadziwa kuti mizere ya m'mawa ndi ya madzulo sifanana. Pa mwala umenewu ndinaona mkono wa munthu ukutopa.

Amene anatiyendetsa anali mayi wachikulire ndi amuna awo, ndipo anatitengera koyamba ku nyumba ya William Weeks, mmisiri amene anajambula mapulani a kachisi woyamba. Ndi kanyumba ka njerwa kopanda matama, kali ndi chipinda chimene ankajambuliramo. Apa mayi aja anasimba nkhani imene inandiseketsa chifukwa ndakumana nayo kambirimbiri pa ntchito. Smith ankafuna mawindo ozungulira pakati pa mizere iwiri ya mawindo aatali. Weeks anakana, ati malamulo a kamangidwe salola, khomalo ndi lalifupi, pamenepo pakufunika mawindo a theka la bwalo. Smith anaumirira kuti anaiona nyumbayo m'masomphenya ili ndi mawindo ozungulira ndipo imangidwe momwemo. Anapambana ndi mwini ntchito, monga zimakhalira nthawi zonse. Ndinauza mayiwo kuti, "Mayi, ine makasitomala anga ankalotanso, koma ndalama zikatha ankati wolakwa ndi kapitawo." Anaseka mpaka kugwira khoma. Koma kunena zoona, nditawaona mawindowo pa nyumba yeniyeniyo, ndinavomereza kuti pamenepa mmisiri ndi amene analakwa. Mawindo ozungulirawo ndi amene amapeputsa khomalo, popanda iwo bwenzi ikuoneka ngati nkhokwe ya katundu.

Pafupi pomwepo pali chisakasa chosonyeza mmene ankasemera miyala, ndipo kwa ine apa ndi pamene panali mtima wa ulendo wonse. Anaika miyala yosonyeza ntchito kuyambira pamene wangophwanyidwa kumene mpaka utasalala, pamodzi ndi zida zake. Amuna a mayi aja ataona mmene ndikuyang'anira anandifunsa ntchito yanga, kenako anandisiyira kuti ndifotokozere mdzukulu wanga ndekha chifukwa chimene mmisiri amayambira kuwongola m'mphepete asanakhudze pakati pa mwala. Ndinawayamikira pa chimenechi. Woyendetsa alendo wina akanangopitiriza zimene analoweza pamtima.

Manambala ake ndi awa. Miyala ya pangodya anaiika pa 6 Epulo 1841. Nyumbayo inali mamita 39 m'litali, 27 m'lifupi, ndipo nsanja inkafika pafupifupi mamita 50. Miyala ankaikumba pafupi ndi tauni yomweyo n'kuikoka pa ngolo. Matabwa ankachokera kutali, ku nkhalango za paini za ku Wisconsin, kumene anthu awo ankadula mitengo, kuicheka, kuimanga pamodzi n'kuiyandamitsa pa mtsinje mpaka ku Nauvoo. Ndalama kunalibe, ndiye chakhumi chinali cha thukuta, mwamuna aliyense ankapereka tsiku limodzi pa masiku khumi alionse kukagwira ntchito pa kachisi. Amayi ankasonkha senti imodzi pa sabata yogulira misomali ndi magalasi. Ngakhale bungwe la amayi la mpingowu, Relief Society, limene linakhazikitsidwa pa 17 Malichi 1842, linayamba ndi maganizo a Sarah Granger Kimball ndi telala wake ofuna kusokera malaya amuna ogwira ntchito pa kachisi amene zovala zawo zinali zitatha. Ndinaganiza za mavuto oyendetsa gulu lotere. Lero akubwerera mlimi, mawa wosoka nsapato, mkuja mphunzitsi, aliyense tsiku limodzi, ndipo khoma likufunika kukwera mowongoka. Kapitawo wa pamenepo ayenera kuti anamera imvi msanga.

Chimene sindinachimvetse mpaka lero, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba zonsezi, ndi chakuti anthuwa anamaliza nyumba akudziwa kuti akuisiya. Joseph Smith ndi mkulu wake Hyrum anaphedwa ndi gulu la anthu mu ndende ya ku Carthage pa 27 Juni 1844, makoma asanafike pamwamba. Brigham Young, amene anatsogolera mpingo pambuyo pa Smith, anapitiriza ntchito, mwala womaliza wa khoma n'kuikidwa pa 24 Meyi 1845. Chakumapeto kwa chaka chimenecho anali atagwirizana kale ndi anthu ozungulira kuti achoka m'derali. Ndiye taganizirani, m'tauni yonse anthu akukhoma ngolo zothawira, akugulitsa nyumba zawo pa mtengo wotaya, koma pamtunda ena akupalabe matabwa ndi kupenta zipinda. Chipinda cha m'denga chitangotha anayamba kuchitiramo miyambo yawo, kuyambira pa 10 Disembala 1845 mpaka pa 7 Febuluwale 1846, usana ndi usiku, ndipo anthu oposa 5,600 anadutsamo. Ngolo zoyamba zinawoloka mtsinje pa 4 Febuluwale 1846, m'nyengo yozizira koopsa moti patapita masabata angapo mtsinjewo unauma madzi n'kumayendapo ngolo. Kagulu kena kanatsalira kumalizitsa, ndipo kachisiyo anamupatulira poyera pa 1 Meyi 1846, eni ake ambiri ali kale m'matope a ku Iowa. Zaka zisanu za ntchito, miyezi iwiri yokha yogwiritsa ntchito mokwanira. Ine ndaonapo nyumba zambiri zosiyidwa pa windo chifukwa mwini wake wamva kuti akusamutsidwa. Yopaka utoto mwini wake atamanga kale katundu sindinaionepo.

Zotsatira zake mayi aja anazinena mwachidule, inenso ndichita chimodzimodzi. Otsalira anathamangitsidwa ndi mfuti mu Seputembala 1846. Pa 9 Okutobala 1848 wina anayatsa moto usiku, zamatabwa zonse n'kupsa, kutsala makoma okhaokha. Mu 1849 anagula bwinjalo ndi gulu la Afalansa lotsogozedwa ndi Étienne Cabet, anthu ofuna kukhala moyo wogawana zonse, ndipo anayamba kukonza, koma pa 27 Meyi 1850 kamvuluvulu anagwetsa khoma lakumpoto. Khoma lakutsogolo linaima lokha mpaka analigwetsa mu 1865 poopa ngozi. Miyala ija anthu anatola n'kumangira zawo, moti mukamayenda m'tauni ya pamtunda muziyang'ana maziko a nyumba zakale. Bambo aja anandilozera ingapo, ndipo ukaidziwa kamodzi suisowanso.

Nkhani ya kumangidwanso kwake ili ndi mwayi wina wovuta kuukhulupirira. Weeks anasamuka pamodzi ndi anzake a mpingo kupita kumadzulo, koma anasemphana ndi atsogoleri n'kuchoka mu mpingo, mapulani ake n'kupita nawo, ndipo anakamwalirira ku California. Mu 1948 mmishonale wina wachinyamata, Vern Thacker, akuyenda khomo ndi khomo m'katauni ka Boron m'chipululu cha ku California, anagogoda pa nyumba ya Leslie Griffin, mdzukulu wa Weeks. Griffin sanali wa mpingowo, koma anasunga mapepala a agogo ake, ndipo anawapereka kuti akasungidwe ku likulu la mpingo ku Salt Lake City. Malo enieniwo anali atayamba kale kuwagulanso pang'onopang'ono kuchokera mu 1937, pamene Wilford Wood anagula chigawo choyamba pa madola 900. Kwa zaka zambiri panali kapinga chabe ndi miyala yosonyeza pamene panali maziko. Kenako pa 4 Epulo 1999 mtsogoleri wa mpingo Gordon B. Hinckley analengeza kuti kachisiyo amangidwanso. Bambo ake a Hinckley ankalakalaka chinthu chomwechi m'zaka za m'ma 1930 akutsogolera ntchito ya umishonale m'chigawochi. Anakumba maziko pa 24 Okutobala 1999, ndipo anapatulira nyumbayo pa 27 Juni 2002, tsiku lokumbukira kuti patha zaka 158 chiphedwere abale awiri aja. Asanapatulire anatsegulira aliyense kwa masabata angapo, ndipo analowa anthu oposa 330,000. Mwayi wanga wolowa unali umenewo, ndinachedwa ndi zaka 22.

Tsopano nyumba yeniyeniyo. Ndinaizungulira katatu, kachitatu ndili ndekha ena atakakhala pamthunzi.

Ntchito ndi yabwino, ndisaname. Mizere ya miyala ndi yowongoka ngati anachita kujambula ndi rula, polumikizira ndi popyapyala komanso pofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nsanamira zonse 30 zilipo, zisanu ndi zinayi mbali iliyonse yaitali, zisanu ndi imodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Pansi pa nsanamira iliyonse pali mwezi wosemedwa, wooneka ngati chikwakwa choyang'ana pansi, uli ndi nkhope chapambali. Umenewu uli pa msinkhu woti mutha kuuyang'anitsitsa bwinobwino. Pamwamba pali dzuwa lija, ndipo pamwamba pa dzuwa pali nyenyezi. Pansi pa denga pali timawindo tozungulira tokhala ndi nyenyezi ya nsonga zisanu, ya magalasi ofiira, oyera ndi abuluu, nsonga imodzi italoza pansi. Mkamwini wanga ataona nyenyezi yozondokayo anakweza nsidze, koma mayi aja anafotokoza kuti m'nthawi imeneyo inkaimira nthanda, nyenyezi ya m'mawa, ndipo zoiganizira zamatsenga zinabwera pambuyo pake. Kutsogolo kuli makomo atatu okhota pamwamba, ndipo pamwamba pawo pali mawu a zilembo zagolide onena kuti iyi ndi nyumba ya Ambuye, ndi tsiku lija la 6 Epulo 1841. Anasunga tsiku la nyumba yoyamba, ngati kuti yatsopanoyi ndi ntchito yomweyo imene inangoima kaye zaka 150.

Koma mmisiri sanganamizidwe. Nyumba yakale inali ya miyala yeniyeni yosenza katundu, makoma ochindikala, mitanda ya mitengo mkati, n'chifukwa chake moto unaimaliza usiku umodzi. Yatsopanoyi mafupa ake ndi konkire ndi zitsulo, miyala ndi chovala chabe chimene anachimangirira kunja. Miyalayonso si ya ku Nauvoo, inachokera ku Alabama, anaisankha chifukwa mtundu wake ukufanana ndi wakale uja. Sindikunena izi monyoza. Inenso atandipatsa ntchitoyo ndikanamanga chimodzimodzi, palibe boma lingalole nyumba ya anthu ambiri yomangidwa ngati mu 1841, ndipo dera lake ndi la akamvuluvulu. Kungoti mukachoka pa mwala wakale uja n'kubwera pa atsopanowa, mumaona kuti akusowa kanthu. Nkhope za dzuwa zatsopano ndi zoyera, zakuthwa m'mphepete, zofanana ngati mapasa. Amisiri anazisema ndithu, luso lilipo, koma ndi luso la munthu amene wadya bwino ndipo malipiro ake ndi otsimikizika. Pa wakale uja pali njala.

Mawindo okha ndi amene anandigonjetsa. Mafelemu ake ndi amatabwa, olumikizidwa mwa kale polowetsa thabwa m'thabwa linzake, ndipo anawapanga ndi kalipentala wa ku Nauvoo komweko. Magalasi ake ndi opangidwa pamanja ku Ulaya, ndiye si osalala ngati a masiku ano, ali ndi timafunde. Mukamayenda m'mbali mwa khoma, mitambo yoonekera m'magalasimo imagwedezeka ngati ili m'madzi. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kamachotsa nyumbayi m'gulu la nyumba za maofesi. Wina akanafuna kupulumutsa ndalama akanadula pamenepa, ndipo alendo ambiri sakanadziwa chimene chasowa.

Pa nsanja pali wotchi mbali zinayi ndi belu lopangidwa ku Netherlands, ndipo pamwamba penipeni pali mngelo wagolide woimirira ndi lipenga, amene iwo amamutcha Moroni. Apa anasintha dala. Pa kachisi woyamba mngelo anali chogona ngati akuuluka, buku m'dzanja lina lipenga m'dzanja lina, ndipo ankazungulira ndi mphepo. Ine ndikanakonda akanabwezera wogonayo, poti china chilichonse kunjaku anatsatira Weeks mpaka pa kanyenyezi. Nyumbayi inayang'ana kumadzulo, kumtsinje, ndipo mngeloyonso anayang'ana komweko, pamene pa akachisi awo ambiri amayang'ana kum'mawa. Kutsogolo kwake, kutsidya kwa msewu, kuli chiboliboli cha Joseph ndi Hyrum ali pa mahatchi, pa ulendo wawo wopita ku Carthage.

Zamkati ndinangoziona pa zithunzi zimene anationetsa, ndiye sindinenapo zambiri. Chipinda chapansi chili ndi dziwe la ubatizo lokhala pamsana pa ng'ombe 12 zamiyala, kutengera thanki ya m'kachisi wa Solomo. M'nyumba yoyamba ng'ombezo zinayamba zili zamatabwa, zosemedwa ndi Elijah Fordham, ndipo anayamba kubatiziramo mu Novembala 1841 pamwamba pali denga longoyembekezera. Ubatizo wake ndi wochitira anthu amene anamwalira, chiphunzitso chimene Smith anayamba kuchilalikira ku Nauvoo konkuno mu 1840. Mayi aja anachifotokoza mosakakamiza. Ine ndili ndi maganizo anga pa nkhaniyi, ndinawasunga m'thumba. Zipinda zapamwamba sanatsatire mapulani akale, anazigawa mogwirizana ndi mmene amagwiritsira ntchito akachisi awo masiku ano.

Mudziwe kuti nkhani yonseyi mumaimva kuchokera kwa eni ake, anthu amene amaikhulupirira ndi mtima wonse, ndiye mafunso ovuta muzibwera nawo nokha. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa awiri. Loyamba linali lakuti anthu ozungulira ankadana nawo chifukwa chiyani. Bambo aja sanazembe. Anatchula kuti ankavota ngati gulu limodzi, anali ndi asilikali awoawo a mumzinda, panali nkhani ya mitala imene Smith ankachita mobisa, ndipo chimene chinautsa mapiri pachigwa ndi pamene khonsolo ya mzinda, Smith ali meya, inalamula kuphwanya makina a nyuzipepala ya Nauvoo Expositor mu Juni 1844 itangotulutsa kope limodzi loulula zimenezi.

Lachiwiri ndinafunsa mayiwo tili awiri pa benchi. Ndinati, "Mayi, munthu wa khungu ngati langali akanakhala wa mpingo wanu kalelo, akanalowa?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati kuyambira nthawi ya Brigham Young mpaka mu Juni 1978, ayi, anthu akuda sankaloledwa unsembe kapena miyambo ikuluikulu ya m'kachisi, ndipo mpingo unakana poyera zifukwa zimene zinkaperekedwa kale. Anandiuza za Elijah Abel, kalipentala wakuda amene anadzozedwa unsembe Smith ali moyo ndipo anakhalapo ku Nauvoo. Anandiuzanso za Jane Manning James, amene mu 1843 anakanizidwa kukwera chombo ku Buffalo chifukwa cha khungu lake, n'kuyenda pansi ndi abale ake mtunda wa makilomita pafupifupi 1,300 mpaka ku Nauvoo, nakakhala m'nyumba ya Smith. Anapempha kwa zaka zambiri kuti alandire miyambo ikuluikulu ya m'kachisi, ndipo anamwalira mu 1908 asanaloledwe. Mayiwo anasimba zimenezi maso ali pansi. Sindinawapanikize, si iwo anapanga lamulolo. Koma ndikanapanda kufunsa ndikanachoka osamudziwa Jane, ndiye inu mukafike mutakonzeka kufunsa za iye.

Zina zonse ndi zokomera ana, ndipo ndi zabwino. Ngolo ya mahatchi imazungulira tauni yakumunsi, koma malo amatha msanga, katengeni matikiti m'mawa mukangofika. Kuli nyumba ya Jonathan Browning wokonza mfuti, bambo wake wa John Moses Browning uja wotchuka pa mfuti. Kuli kosula zitsulo, kophika buledi, ndi koumba njerwa kumene banja lililonse amalipatsa kanjerwa kofiira kokumbukira. Pamenepo ndinatsutsana pang'ono ndi mnyamata wofotokoza pa nkhani ya masiku oumitsa njerwa musanawotche, mwana wanga n'kundikoka malaya. Nyumba za banja la Smith za m'mbali mwa mtsinje, kuphatikizapo sitolo ya njerwa zofiira mmene munayambira bungwe la amayi lija, zinali m'manja mwa mpingo wina wa Community of Christ mpaka mu Malichi 2024, pamene zinagulitsidwa pamodzi ndi kachisi wa ku Kirtland, ku Ohio, ndi zinthu zina pa madola 192.5 miliyoni. Ife tinafika zitangosintha manja kumene. Ku Carthage ndi ulendo wa theka la ola pa galimoto, ndende ija ilipo, ndipo chitseko cha chipinda chapamwamba chikadali ndi chiboo cha chipolopolo.

Chakudya ndiye mutenge chanu. Tauniyi ndi yaing'ono ndipo imagona msanga. Ife tinachedwa ndi miyala yanga ija, pofika pa malo ena odyera tinapeza akukweza mipando pa matebulo, ndipo mtsikana wa pamenepo anangotilozera wotchi osatsegula pakamwa. Tinadya mabisiketi a m'galimoto. Kutenthanso mu Juni si kwamasewera, ndi kwa chinyezi chomata malaya pamsana, ndipo kuchoka kumunsi kukwera ku kachisi ndi chitunda. Achikulire anzanga, kwerani pa galimoto, jekete musiye.

Pomaliza bambo aja anatilangiza kuti tisachoke dzuwa lisanalowe, titsike ndi msewu wa Parley mpaka kumadzi, kumene ngolo zinkafola podikira kuwoloka. M'mbali mwa msewuwo muli zikwangwani zokhala ndi mawu ochokera m'zolemba za anthu amene anadutsa pamenepo, mdzukulu wanga ankandiwerengera chimodzichimodzi mpaka udzudzu unatipeza. Pamphepete pa mtsinje ndinatembenuka. Kuchokera pamenepo konkire saoneka, Alabama saoneka, mumangoona nyumba yoyera pa chitunda, dzuwa likuimenya kumaso mpaka miyala kusanduka yachikasu. Kenako anayatsa magetsi mkati, tinyenyezi tija n'kuyamba kuoneka tofiira ndi tabuluu pansi pa denga. Mdzukulu wanga anandifunsa kuti, "Agogo, inuyo mukanamaliza kumanga?" Ndinamuuza kuti akwere m'galimoto, udzudzu watha miyendo yanga, ndipo mpaka tinawoloka mlatho wa ku Fort Madison ndisanamuyankhe.